Godzilla wa mamita 50 amandiopsa kuposa wa mamita 300

Ndikaona zithunzi zija zondandalika zilombo za m'mafilimu kuyambira chachifupi mpaka chachitali, anthu ambiri amathamangira kumapeto kukagoma ndi chachikulu. Ine maso anga amakakamira koyambirira kwa mzere, ndipo ndili ndi chifukwa.

Godzilla woyamba, amene kampani ya Toho inatulutsa mu 1954, anali wa mamita 50 basi. Lero zikumveka zochepa, koma nthawi imeneyo malamulo sankalola nyumba za ku Tokyo kupitirira mamita 31. Choncho chilombocho chikamabwera, mutu wake unkasuzumira pamwamba pa madenga, anthu n'kumathawa chikuwayang'ana. Nyumba zitayamba kutalika, opanga mafilimu anaona kuti chimira pakati pa zipupa, ndiye anachikulitsa: mamita 80 mu 1984, mamita 100 mu 1991, mamita 108 mu filimu ya ku America ya 2014, kenako 118.5 mu Shin Godzilla ya 2016. Mpaka pamenepo ndikumvetsa. Koma makatuni a 2017 atachifikitsa pa mamita 300, mantha anandithera. Chimenecho ndi phiri loyenda. Sichikudziwa n'komwe kuti iwe ulipo, ndipo iwenso sungaone nkhope yake uli pansi.

Amene zimandipweteka kwambiri ndi King Kong, chinyani chachikulu cha m'mafilimu. Mu 1933 sankafika ngakhale mamita 10, ndipo mphamvu ya nkhani yonse inali m'dzanja lake. Anagwira mkazi m'chikhatho, zala zitamuzungulira m'chiuno, n'kumubweretsa pafupi ndi maso kuti amuonetsetse. Pokwera Empire State Building nyumbayo inkamuposa kutalitali, moti ndege zikamamuwombera unkamumvera chisoni. Ndiye mu 1962 anamutalikitsa mpaka mamita 45 kuti alimbane ndi Godzilla, ndipo mu 2021 anapitirira mamita 100. Ndikuvomera, mufilimu ya 2021 muli malo okhudza mtima pamene kamtsikana kakukhudza nsonga ya chala chake. Komabe taonani, kamwana konseko kakungokwanira pa nsonga ya chala. Kong wotere sangakwerenso nyumba ija, angoigumula.

Paja nangumi wamkulu kwambiri m'nyanja amafika pafupifupi mamita 30, ndipo amene amanyamula thupi lakelo ndi madzi. Kungoganiza chinthu choposa nangumiyo chitaimirira ndi miyendo iwiri pakati pa msewu, thupi limachita tsembwe. Kuwonjezerapo mamita ena 250 kumangochichotsa pamene maganizo a munthu angathe kufika.

N'chifukwa chake ndinasangalala kwambiri wopanga mafilimu Takashi Yamazaki atabweza Godzilla pa mamita 50.1 mu filimu ya Godzilla Minus One ya 2023, imene inapata mphoto ya Oscar mu 2024. Malo amene sindiwaiwala ndi a panyanja paja. Kaboti kamatabwa kakuthawa, kumbuyo kwake mutu ukutumphuka m'madzi, mano ali pamtunda, maso ali pa anthu ochepa amene ali m'botimo. Ukutha kuyerekeza kukamwa kwake ndi kutalika kwa botilo, ukutha kuwerenga anthu amene ameza akangolipeza. Ine ndinagwira mpando zolimba mpaka botilo litapulumuka.