Malume aphunzira chizungu cha munyuzi

(Loweruka masana pakhonde. Malume akuwongola nyuzipepala yothimbirira mafuta, kwinaku akutokosa mano ndi kamtengo ka machesi.)

MALUME: Iwe Yamikani tabwera, fizi yako ya Fomu 4 ndinkalipira ndine, lero ibwereko pang'ono. Mawu awa akuti chani, di... divalu...

YAMIKANI: Devaluation malume. Koma nyuziyi ndi yakale, ya Novembala 2023, nthawi ija kwacha anaichepetsa mphamvu ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700.

MALUME: Ndiye bwanji osangolemba kuti kwacha yagwa chagada?

YAMIKANI: Ena ankati realignment.

MALUME: Alaimenti ngati ya matayala a minibasi ija? Ndiye makanika wake ameneyo anamangitsa mbali imodzi, chifukwa kuyambira tsiku limenelo shuga sanabwererenso kumanzere. Nanga awa, ali paliponse, a-le-ge-di-li?

YAMIKANI: Allegedly. Amenewo ndiye mfumu ya mawu onse a munyuzi. Tanthauzo lake ndi akuti akuti. Mtolankhani sangalembe kuti uje waba khoti lisanagamule, angamusumire, ndiye amangoponyapo allegedly basi wadziteteza.

MALUME: Ngakhale munthu amugwira mbuzi ili paphewa ikulira?

YAMIKANI: Allegedly ili paphewa.

MALUME: Heee! Koma azungu anaganiza. Ife zaka zonsezi timangovomera milandu chifukwa chosowa mawu. Pitiriza mphwanga, nullify.

YAMIKANI: Kufafaniza, kuti chinthucho chikhale ngati sichinachitike. Mukukumbuka pa 3 Febuluwale 2020 majaji asanu aja atafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019, nkhani ya Tipp-Ex ija, anthu nkukavotanso mu Juni? Kumeneko ndiye kunalifaya.

MALUME: Nanga ngongole ya kuokala singanalifayidwe? Nanenso kabuku kaja ndikukakayikira, muli zofutafuta zambiri.

YAMIKANI: Imeneyo ayi malume. Imeneyo mukhoza kungoipanga adjourn, kuimitsa kaye mlandu mpaka tsiku lina. Ndiye palinso remand, kusungidwa kundende podikira mlandu ngati ku Maula kapena ku Chichiri, palinso bail, belo ija, ndiye akakufunsani zovuta mumangoti no comment kapena investigations are underway, kutanthauza kuti tikufufuzabe, ndipo kufufuzako sikuti kumakhala ndi tsiku lothera ayi.

MALUME: Dikira ndilembe padzanja.

(Atulukira anti, chitenje m'chiuno, mbaula yopanda moto m'manja.)

ANTI: Bambo a Tadala, makala aja ali kuti? Ndinakupatsani K5,000 m'mawa.

MALUME: Allegedly.

ANTI: Mwati chani?

MALUME: Allegedly munandipatsa. Khoti silinagamule.

ANTI: Yamikani, malume akowa adwala?

YAMIKANI: Akuphunzira chizungu anti.

MALUME: Komanso mayi a Tadala muzitsata nkhani, ndalama ija inakumana ndi devaluation panjira, pofika pamsika inali itapanga realignment. Panopa investigations are underway.

ANTI: Oho. Nanga nyuzi mwagwirayo mwaitenga kuti, inu amene chikwatirane sindinakuonenipo mukugula nyuzi?

MALUME: No comment.

ANTI: Tabweretsani. (Ainunkhiza.) Kanyenya uyu. Wambuzi. Tsabola wake ndi uyu wamatirira pankhope ya nduna apa. Yamikani, chinthu chimene apolisi amabwera nacho kukhoti ngati umboni amachitcha chani pachizungu chanucho?

YAMIKANI: Exhibit anti.

MALUME: Iwe! Ameneyo sunandiphunzitse bwanji?

YAMIKANI: Tinali tisanafike pa peji 3 malume.

ANTI: Chabwino. Ine sukulu ndinalekera Sitandade 8 koma wailesi ndimamvera tsiku lililonse ndikamatsuka mbale. Nsima ya masana ndaipanga adjourn. Yamadzulo ndainalifaya. Inuyo muli pa remand pakhonde pompano mpaka makala apezeke.

MALUME: Nanga belo?

ANTI: K5,000, kashi, ndi mboni ziwiri zodalirika, osati anzanu a pabawo aja.

MALUME: Mphwanga, palibe mawu ena oti munthu akaluza amakadandaula kumtunda?

YAMIKANI: Alipo, appeal. Mumapita ku khoti lalikulu.

ANTI: Apite. Khoti lalikulu ndi amayi anga, akubwera mawa ndi basi yam'mawa, ndipo ndalama ija anatumiza ndi iwowo.

MALUME: (motsitsa mawu) Yamikani, uli ndi K5,000 yapafupi?

YAMIKANI: No comment malume.