Nsalu yobwereka siithetsa usiwa

Ndapsa mtima usiku uno, tulo sitibwera ndisanalankhule.

Madzulo mwana wa achemwali anga wabwera kunyumba kuno ku Senga Bay ali ndi mapepala awiri m'manja. Akuti, "Amalume, tandiwerengereniko, mawa ndikutumiza." Mtsikanayu MSCE anakhoza bwino ndithu, ndipo akufunsira malo ku yunivesite yakunja pamodzi ndi thandizo la fizi. Pa fomupo akumuuza kuti alembe za iye mwini, adziwike kuti ndi ndani komanso akufuna chiyani.

Ndawerenga mpaka kumapeto. Chizungu chosalala, chopanda banga. Koma mwanayo mulibemo! Akuti kuyambira ali wamng'ono wakhala akulakalaka kusintha dziko. Akuti ndi wolimbikira, ndi mtsogoleri, akufuna kutukula Africa. Basi. Mulibe nyanja, mulibe Salima, mulibe mayi ake. Utafufuta dzina lake n'kulembapo la mnyamata wa ku Mzimba, palibe angazindikire.

Ndamufunsa kuti, "Iwe, walemba izi ndani?" Wayang'ana pansi, akukanda mphasa ndi chala. Kenako waulula kuti analipira munthu wina wa pa siteshonale ku Kamuzu Road. Mkuluyo ali ndi kalata imodzi mu kompyuta, amangosintha dzina ndi kosi. Anzake awiri atenganso yomweyo.

Abale, tikuwapha ana athu ndi manja athu.

Mwana ameneyu ndikumudziwa. Chiyambire Sitandade 6, amadzuka kusanache kupita ndi mayi ake kudoko kukagula usipa. Amauyanika pathandala, amadziwa kuuyang'ana ndi maso okha kuti wauma kapena ayi. Nthawi ya dzinja waona ndi maso ake ndowa zathunthu zikuwola chifukwa dzuwa silinawale masiku awiri, mayi ake atakhala pansi akuwerenga mpamba womwe wapita. Ndi iyeyo amene anandivutitsa mafunso chaka chatha za matenti oumitsira nsomba aja, kuti kutentha kumasungika bwanji mkatimo, nanga bwanji ntchentche sizilowa. Chifukwa chake akufuna maphunziro a kasungidwe ka zakudya ndi chimenecho. Nkhani ndi imeneyo! Uthenga wake ndi umodzi: nsomba za amayi anga zisamawole. Ndiye chuma chonsechi wachisiya panja n'kukagula mawu a eniake.

Ndamufunsa kuti bwanji sunalembe za usipa. Akuti, "Amalume, azungu angandiseke, zimenezo n'zakumudzi." Apa m'pamene mtima wandiwawa zenizeni. Anamuuza ndani mwanayu kuti moyo wake ndi wochititsa manyazi?

Mvetsetsani. Amene amawerenga makalatawa amakhala ndi mulu patsogolo pawo. Pa Common App, fomu ya pa intaneti yofunsira malo yomwe makoleji ambiri a ku America amagwiritsa ntchito, nkhaniyo siipitirira mawu 650. Mawu 650 okha. Ukawathera pa "ndikufuna kusintha dziko", wataya malo ako, pakuti mwana wa ku Ghana walemba zomwezo, wa ku India walembanso zomwezo. Koma usipa wowola pathandala m'mwezi wa Januwale ku Senga Bay palibe wina angaulembe. Ndi wako wekha. Nena chinthu chimodzi chimene uli nacho, chinene momveka, wowerengayo akatseka fayilo akukumbukirebe kuti ndi mtsikana uja wa nsomba.

Inde, kuno posankha ana opita ku UNIMA, LUANAR kapena MUST kudzera ku bungwe loona za maphunziro apamwamba la NCHE amayang'ana mapointi, ndiye ana sanazolowere kudzifotokoza. Koma chimenecho si chifukwa chogulira kalata. Nsalu yobwereka siithetsa usiwa. Lero uvala, mawa akakuitana pa intavyu n'kukufunsa za utsogoleri unalembawo, uyankha chiyani? Ungoti kakasi.

Ndipo kaya wagula pa siteshonale, kaya wauza ChatGPT kuti ikulembere, ndi chimodzimodzi. Mawu a eniake ndi a eniake. Chizungu chako chikhale chotsimphina, tikonza limodzi, koma nkhaniyo ikhale yako.

Mapepala aja ndamubwezera. Ndamupatsa kope ndi cholembera, ali pakhondepa akulemba za tsiku lija mvula inawapeza pathandala. Ayambe m'Chichewa momwe, Chizungu chibwera pambuyo.

Nanunso aziphunzitsi ena mumandikhumudwitsa. Mwana mwamuphunzitsa zaka 4, akupempha kalata yomuchitira umboni, inu mukumuuza kuti alembe yekha mudzangosayina ndi kudinda chidindo. Ena mpaka kufuna ya fanta. Mwana wa mayi wogulitsa usipa akupatseni ya fanta kuti mulembe dzina lanu papepala? Manyazi mulibe?