Mapu akale ndi zithunzi za satelayiti sizimangogwirizana

Alembi, mwati kungosanjikiza chithunzi cha satelayiti ya Sentinel-2 pa mapu akale a Malawi a sikelo ya 1:50,000 ndiye ntchito yatha. Ayi ndithu. Mapu akalewo anajambulidwa pa datum (maziko oyezera pamene malo ali padziko) yotchedwa Arc 1950, pomwe zithunzi zimabwera pa datum ina yotchedwa WGS84. Mukapanda kusintha datum mu pulogalamu ya mapu ya QGIS, zonse zimasuntha ndi mamita oposa 200, munda wa m'mbali mwa Shire n'kugwera m'madzi. Polumikiza mapu ndi chithunzi musadalire gombe la mtsinje, poti Shire ndi Ruo amasintha njira madzi akasefukira. Gwiritsani milatho, njanji ndi mphambano za msewu wa M1.

China, m'chilimwe madimba, mabango a ku Elephant Marsh ndi nzimbe za ku Nchalo zonse zimaoneka zobiriwira pa chithunzi, choncho n'zovuta kuzisiyanitsa. Yerekezani zithunzi za miyezi ingapo, kenako mukatsimikize ndi GPS pamalopo.