Ayi alamu, drone yanga sipita ku Morocco

Popeza nkhaniyi yafika kale pa gulu lathu la WhatsApp ndipo ena mwayamba kunditcha womana, ndiloleni ndiyankhire pano poyera kuti mumveko mbali yanga.

Lamlungu lapitali titaweruka ku tchalitchi tinakhala kwathu ku Rosettenville kuno ku Joni, nyama ili pamoto. Alamu anga, amene amagwira ntchito panyumba ya mabwana ena ku Sandton, anatiuza kuti mabwanawo awatenga pa ulendo wa ku Morocco mwezi wamawa kuti azikathandiza kuyang'anira ana. Tonse tinawaombera m'manja, si nanga munthu chibadwire sanakwerepo ndege. Kenako anandikokera pambali: "Alamu, mundibwerekeko kandege kanu kaja, ndikajambule chipululu, anthu akumudzi akaone." Ine ndinati ayi. Iwo anaseka poganiza kuti ndi nthabwala zachilamu. Ataona kuti sindikuseka, anati, "Kachidole ka magalamu 249 nkamene mukukaniza? Paja munanena nokha kuti sikafuna mapepala."

Zoona ndinanenapo, ndipo ndinalakwa. Bodza la 249 limeneli latipusitsa ambiri. A DJI, kampani yopanga ma drone, anapanga ma drone awo otchedwa Mini kuti alemere magalamu 249 chifukwa ku America lamulo limati drone yongoseweretsa yosafika magalamu 250 siyifunika kulembetsa. Ndi lamulo la ku America limenelo, silinalembedwe kumwamba kuti ligwire dziko lonse. Ku Japan malire ake ndi magalamu 100 kuyambira mu 2022. Ku mayiko a European Union, drone ikangokhala ndi kamera, mwini wake ayenera kulembetsa ngakhale ikhale yopepuka ngati mpheta. Nanga ku Morocco? Kumeneko sakuyezera n'komwe pa sikelo. Kuyambira mu 2015 kulowetsa drone m'dzikomo popanda chilolezo n'koletsedwa, ndipo chikwama chikadutsa pa makina ounikira a kasitomu amaitulutsa pomwepo. Akakuchitira chifundo amakupatsa kapepala koti udzaitenge tsiku lobwerera, pa bwalo la ndege lomwelo. Ndiye taganizani: alamu anga aimikidwa pambali, chikwama chili chotsegula, malaya ndi makabudula ali pamtunda, funso likubwera mu Chifalansa kapena Chiarabu, mabwana ndi ana awo akudikira panja. Ntchito imeneyo angabwerere nayo ku Joni?

Komanso Morocco ndi wofatsako. Ku Egypt lamulo la mu 2017 limati kulowa ndi drone kapena kuiulutsa popanda chilolezo cha unduna wa zachitetezo kungakulowetse m'ndende chaka chimodzi mpaka zaka 7. Mfalansa wina, Benjamin Brière, anamangidwa ku Iran mu May 2020 ataulutsa drone pafupi ndi malire a dzikolo ndi Turkmenistan. Anamugamula zaka zoposa 8 pomuganizira ukazitape, ndipo anatuluka mu May 2023. Ameneyo kumbuyo kwake kunali dziko lonse la France likumulankhulira, koma zinatenga zaka zitatu. Nanga ine mwana wa ku Ntcheu?

Ine phula ndinadya kale, sindikulankhula za m'buku. Nditangogula drone yanga, yakale ndithu, kwa mnyamata wina amene ankafuna ndalama ya lendi, ndinapita nayo pa bwalo lina kum'mwera kuno tsiku Loweruka masana. Sindinafunse munthu. Inakwera bwinobwino, pa foni ndikuona milu yachikasu ya migodi ija, nsanja ya ku Hillbrow chapatali, msewu wa M2 magalimoto ali ngati nyerere. Mtima uli mbee. Kenako ndinamva helikopita ikudutsa chapansi, ndipo pasanathe mphindi zisanu galimoto ya alonda inaima kumbuyo kwanga. Bambo amene anatsikamo sanayambe ndi kufunsa za drone. Atangomva Chingerezi changa anati, uli ndi mapepala? Drone ili m'mwamba, batire likulira kuti latsala pang'ono, zala zanga zikunjenjemera pa timitengo toyendetsera tija. Ndinaitsitsa mokhotakhota mpaka inagwera mu udzu n'kuthyoka phiko limodzi. Pemiti yokhalira m'dziko muno ndinali nayo, mwamwayi. Bamboyo anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandiuza kuti pamene ndaimapo ndi mkati mwa makilomita 10 kuchokera ku Rand Airport, ndipo anandilola kupita. Usiku umenewo sindinadye.

Ndi pamene ndinakhala pansi n'kuwerenga malamulo a SACAA, bungwe loyang'anira za ndege ku South Africa, omwe anayamba kugwira ntchito pa 1 July 2015. Wongoseweretsa safunika laisensi, koma asafike makilomita 10 pafupi ndi bwalo la ndege, atalikire mamita 50 kwa anthu, misewu ndi nyumba za eni, asaulutse usiku, drone izikhala poti maso ake akuiona, ndipo asayandikire ndende, polisi, khothi kapena malo ofunika a boma. Tsopano tengani mapu a Joni mujambule mizere yozungulira mabwalo a ndege a OR Tambo, Rand Airport, Grand Central ku Midrand ndi Lanseria, muonjezere mamita 50 a nyumba iliyonse ndi msewu uliwonse. Mupeza kuti mumzinda muno malo otsala ndi ochepa kwambiri. Ku Kruger ndi malo ena osungira nyama a SANParks n'koletsedwanso. Chinanso chimene anzanga ojambula maukwati safuna kumva: ukangolandira ndalama pa chithunzi cha drone, sulinso woseweretsa, wayamba malonda, ndipo malonda amafuna laisensi.

Ena mwati malamulowa ndi nkhanza chabe, akuluakulu amadana ndi zinthu zatsopano. Penapake ndimavomereza, pali mayiko amene amaletsa chifukwa safuna kuti anthu aone zimene zili kuseri kwa mpanda. Koma kumbukirani za ku bwalo la ndege la Gatwick ku England mu December 2018. Anthu atanena kuti aona drone pafupi ndi msewu wa ndege, bwalo linatsekedwa, maulendo pafupifupi 1,000 anasokonekera, anthu pafupifupi 140,000 anakhudzidwa, ena kugona pa mabenchi, ena kubwerera kwawo Khrisimasi ili pakhomo. Ku United Arab Emirates analetsa ma drone oseweretsa mu January 2022 zigawenga zitaphulitsa malo ku Abu Dhabi. Wapolisi amene akuona kanthu kakulira m'mwamba alibe njira yodziwira kuti pansi pali alamu anga ofuna kusangalatsa anthu a ku Ntcheu.

Musaganize kuti ndikuti drone izingokhala m'kabati. Chaka chatha ndinapita nayo ku Dublin, ku Ireland, ku ukwati wa mchemwali wanga, ndipo palibe amene anandigwira paphewa. Kusiyana kwake n'kwakuti ndinayamba kufunsa kutatsala mwezi. Ku Ulaya mlendo amalembetsa m'dziko loyamba limene akaulutsireko, ndiye ine ndinalembetsa pa intaneti ku Irish Aviation Authority, bungwe loyang'anira za ndege kumeneko, anandipatsa nambala, ndinaisindikiza pa kapepala n'kuimata pamimba pa drone ndi selotepi. Nambala yomweyo imagwira ntchito ku France, ku Germany ndi mayiko ena onse a European Union, koma osati ku UK, chifukwa iwo anatulukamo ndipo ali ndi kalembera wawo. Kutanthauza kuti ukangokwera basi kuchoka ku Dublin kupita ku Belfast, mzinda wa ku UK, maola awiri okha pachilumba chomwecho, nambala ija yasanduka chokongoletsera. Malire okwera ndi mamita 120. Kunena zoona, m'masabata awiri ndinaulutsa kawiri kokha, chifukwa mphepo ya kumeneko ndi yoti ingakulande ndi chipewa chomwe, koma kawiriko ndinaulutsa mtima uli pansi.

Za mabatire ndinene mwachidule, popeza ambiri mumazisokoneza. Mabatire apadera sapita m'sutikesi yopita pansi pa ndege, amakhala m'chikwama cha m'manja, chifukwa akayaka moto pafunika munthu aone msanga. Osafika 100 Wh (muyezo wa mphamvu ya batire) amaloledwa, ndipo a ma drone ang'onoang'ono ali kutali ndi malire amenewo. Oyambira 100 mpaka 160 Wh amafuna chilolezo cha kampani ya ndege, awiri okha basi. Ine ndimamata tepi pa timano take, lililonse m'kajumbo kake. Muyang'anenso dziko limene mukasinthire ndege, makamaka ngati mudzatuluke pa bwalo n'kukagona mumzinda, chifukwa pamenepo mwalowa m'dzikomo ndi katundu wanu yense.

Pali enanso amene amati, ine ndimadalira app ya pa foni yoyendetsera drone, malo akakhala oletsedwa drone imakana yokha kunyamuka. Zinali choncho kale. A DJI anasintha, ku Ulaya mu 2024 ndi ku America mu January 2025: malo ambiri app imangokuchenjeza, iwe n'kudina kuti ndamva, drone n'kunyamuka. Mlandu wonse wabwera m'manja mwako. Ku khothi sungakanene kuti foni inandilola.

Ndipo ife a basi tisadzione ngati nkhaniyi ndi ya okwera ndege okha. Ukachoka pa Park Station kupita kumudzi umadutsa pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete, kenako Mwanza kapena Dedza. Drone ili m'chikwama yadutsa mayiko awiri a eni usanafike kwanu, lililonse ndi malamulo ake. Kwathu nakonso ma drone si achilendo ayi. Mu June 2017 boma ndi UNICEF anatsegula malo oyesera ma drone ku Kasungu, ndipo mu January 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy inayamba ku Lilongwe. Choncho usafike ndi mtima woti ndachokera ku Joni, kuno sadziwa kanthu. Akudziwa, mwina kuposa iwe, ndipo oyang'anira za ndege alipo oti uwafunse usananyamuke.

Kumudzi kulinso malamulo ena osalembedwa, ndipo ine amenewo ndi amene ndimawaopa kwambiri. Khrisimasi ina ndinaulutsa pakhomo pa amayi, ana a mudzi wonse akuthamangira pansi pake akukuwa. Ine maso ali pa foni, kusangalala ndi madenga a malata ndi minda ya chimanga chobiriwira. Amalume anabwera pang'onopang'ono, anasuzumira pa foniyo, kenako anandifunsa motsitsa mawu: "Mphwanga, mabafa a m'mudzi muno ali ndi denga?" Ndinangoti kakasi. Analoza mitengo yowirira ya kumanda n'kunena kuti kanthu kako kakangodutsa pamwamba pa paja, nkhani yake sikhala ya ine ndi iwe, ikathera kwa amfumu, ndipo mbuzi ukagula wekha. Ndinaitsitsa nthawi yomweyo. Mawa lake tinapita limodzi kwa amfumu, ndinawaonetsa mmene imagwirira ntchito, iwo eni n'kupempha kuti ndijambule chitsime chatsopano ndi bwalo la mpira. Kumanda ndi kuseri kwa nyumba za anthu anati ayi.

Ndiye alamu, ndikudziwa mukuwerenga ngakhale simukuyankha mauthenga anga chiyambire Lamlungu. Ndakukonzerani kachipangizo kogwirira foni kuti kanema asamagwedezeke, power bank yanga yaikulu ija, ndi memory card yatsopano. Power bank muike m'chikwama cha m'manja, osati m'sutikesi. Mukabwera kudzatenga Loweruka mubwere ndi pasipoti, tikhale pansi tione ngati viza yanu yatuluka bwino, chifukwa ndamva kuti mpaka pano simunaitsegule n'komwe.