Chenjezo kwa ana athu odumpha zingwe pa mapiri a ayezi

Inu ana muli ku Ulaya, tatcherani khutu. Tchuthi chikakwana mumathamangira ku mapiri a Alps kapena ku Iceland, ife kuno n'kumangoona zithunzi pa Facebook. Munthu waima kunsi kwa chikhoma cha ayezi, mano onse pamtunda, chingwe chotchinga chili kumbuyo kwake. Wachita kuchidumpha. Kodi mukuyesa chingwecho anachimanga kuti chikongoletse malo?

Ayezi wa pa mapiri aja salinso ngati kale ayi. Dziko latentha, ndipo akusungunuka mofulumira. Ku Switzerland kokha, m'zaka ziwiri za 2022 ndi 2023, gawo limodzi mwa magawo khumi a ayezi yense wa pa mapiri linatha. Choopsa kwambiri n'chakuti sasungunukira pamwamba pokha. Madzi amalowa m'ming'alu, n'kukayenderera pansi, pakati pa ayezi ndi thanthwe. Pamwamba pamaoneka polimba, koma kunsi kwafumbwa kale ngati mzati wodyedwa ndi chiswe. Tsiku logumuka silichita odi.

Pa 3 July 2022, pa phiri la Marmolada ku Italy, chigamphu chachikulu cha ayezi chinathyoka masana kutatentha kwambiri, n'kukokolola anthu amene anali panjira yokwerera phirilo. Anafa anthu 11, ndipo ena mwa iwo anali akatswiri operekeza alendo m'mapiri. Ngati akatswiri anathera pomwepo, nanga iwe wovala nsapato za m'tauni, chisanu wangochidziwira ukulu, ndiwe yani? Mu August 2024 ku Iceland, phanga la ayezi la ku Breiðamerkurjökull linagwera alendo, bambo wina wa ku America n'kufera pomwepo. Anali atalowa m'phangamo nyengo yotentha, nthawi imene ayezi amakhala atafooka. Ndipo zodumpha zingwezi si zachilendo: mu January 2009, pa Fox Glacier ku New Zealand, anyamata awiri apachibale ochokera ku Melbourne anapitirira malire otchinga kuti ajambule pafupi, ayezi n'kuwagwera onse awiri. Makolo awo anali nawo paulendo womwewo. Samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu.

Onani tsono anthu a ku Blatten, mudzi wa ku Switzerland. Mu May 2025 akuluakulu ataona kuti phiri layamba kugumukira pa ayezi, anauza anthu pafupifupi 300 kuti asamuke. Anamvera, anachoka ndi ziweto zawo zomwe. Pa 28 May ayezi, matope ndi miyala zinakwirira pafupifupi mudzi wonse. Anafa munthu mmodzi. Eni nthaka, obadwira m'mapiri momwemo, sanachite makani, koma mlendo wa masiku atatu ndiye afune kutsutsana ndi chikwangwani!

Sitikuletsani kukaona. Pitani, malo ake ndi okongoladi, ndipo mwina adzukulu anu sadzawapeza momwe alilimu. Koma imani pamene akuuzani kuti muime, musalowe m'phanga la ayezi kukatentha, ndipo operekeza akati bwererani, bwererani osanyinyirika za ndalama ya tikiti. Kubweretsa maliro kuchokera ku Ulaya mukudziwa mmene kumasautsira. Amayi anu sanakutumizeni kumeneko kuti abale adzayambe kusonkherana ndalama pa WhatsApp chifukwa cha chithunzi.