Mchemwali wanga nayenso anadutsa momwemo

Zikomo mayi pofotokoza mosabisa mmene munabindikirira m'nyumba zaka zonsezo chifukwa cha TB yosamva mankhwala, mpaka kudzapeza bambo amene mukukhala nawo lero. Mwandikhudza mtima kwambiri.

Kumudzi anthu amaganiza kuti ku Johannesburg kuno moyo ndi wa mtima mbee. Koma ukadwala uli m'kachipinda ka lendi ku Rosettenville kapena ku Yeoville, anzako amalawirira ku ntchito n'kubwera usiku atatopa, ndipo wokuphikira phala sapezeka. Mchemwali wanga zinamuchitikira. Nthawi imeneyo chithandizo cha TB yotereyi chinkatenga zaka pafupifupi ziwiri, ndipo miyezi yoyambirira unkabayidwa jakisoni amene ena ankawagonthetsa m'makutu. South Africa inasiya jakisoniyo mu 2018 n'kuyamba kupereka mapilisi a bedaquiline, koma iye khutu limodzi linali litawonongeka kale.

Chinamupweteka koposa ndi anzake opemphera nawo, amene ankaopa ngakhale kugwira kapu yake. Chonsecho TB siyendera m'kapu, imayenda mumpweya, ndipo munthu akakhazikika pa mankhwala oyenera sapatsiranso anzake. Zimandiwawa mpaka pano.

Amene anadzamukwatira ndi mnyamata wa ku Mangochi, telala, yemwe ankamubweretsera usipa basi yochokera kumudzi ikafika. Atamva za matendawo sanathawe. Anangozolowera kukhala mbali ya khutu lomva bwino akamacheza, ndipo ankamuperekeza kuchipatala masiku okapimidwa makhololo. Pano ali ndi mwana wamkazi, wayamba kale sukulu.