Nanga za kasungidwe bwanji?

Alembi, mwanena kuti vinyo wofiira wa ku Bordeaux, ku France, wa chaka cha 2010 akhoza kukhala zaka 30 akukomerakomerabe. Sindikutsutsa: matanini (zinthu za m'makoko ndi njere za mphesa zoumitsa mkamwa), pamodzi ndi kuwawasa kwake, ndi amene amamusunga. Koma kasungidwe simunakatchule, chonsecho nkhani yagona pamenepo! Botolo lizigona chammbali kuti chotsekera chake, chopangidwa ndi khungwa la mtengo, chisaume, pamdima, pozizira madigiri 12 mpaka 14 osasinthasintha. Anzanga owerenga, musatengeke, vinyo wambiri amapangidwa kuti amwedwe msanga, si aliyense wodikirira. Ine ndinalawapo mabotolo awiri a vinyo mmodzimodzi, wopangidwa chaka chimodzimodzi. Losungidwa pozizira linkanunkhira zipatso zakuda ndi fodya wouma. Lomwe linakhala pafupi ndi chitofu, mayo ine, linali litazilala, mtundu utasanduka wodera.